PHUNZIRO LA ZAUMOYO: MATENDA A PROSTATE NDI NJIRA ZOCHIZIRA ABAMBO MOSANG'AMBA PAMIMBA

Mawu Oyamba

Phunziro lathu la ulendo uno likukamba za matenda a abambo. Mwina wina afunsa kuti nkhani ya abambo ikufunanji m'kalata ya amayi. Yankho lake n'losavuta. Bambo akamadzuka kanayi kapena kasanu usiku kukataya madzi, amene amamva chitseko chikulira ndi mayi. Amene amachapa zovala ndi zofunda ndi mayi. Ndipo tsiku limene mkodzo watsekeka, amene amathamanga kukafuna kabaza pakati pa usiku, kenako n'kukagona pakhonde la chipatala monga gadiyani, ndi mayi yemweyo.

Masiku ano pa wailesi, pa Facebook ndi pa WhatsApp tikumva kuti kudabwera njira zochizira prostate popanda mpeni. Ana athu amene ali ku Joni nawonso amatiuza zomwezo akaimba foni. Zina mwa nkhanizi n'zoona, zina n'za anthu ofuna ndalama chabe. Tiyeni tione kuti njirazi ndi ziti, zimagwira ntchito bwanji ndipo zimathandiza ndani. Mfundo yaikulu tiigwiritsitse kuyambira pano: njira zonsezi zimapindulira bambo amene wafika kuchipatala msanga. Mundikhululukire, pa nkhani ya umoyo mawu ena sitingawazembe.

1. Kodi prostate n'chiyani?

Prostate ndi kachiwalo kamene kamapezeka mwa amuna okha. Kali kunsi kwa chikhodzodzo, kutsogolo kwa njira ya chimbudzi. Mwa mnyamata kamakhala kakang'ono ngati suku lalikulu, kolemera pafupifupi magalamu 20. Ntchito yake ndi kupanga ena mwa madzi amene amanyamula mbewu ya bambo. Njira ya mkodzo imadutsa pakati pake monga momwe ulusi umadutsira pakati pa mkanda. Choncho kachiwaloka kakakula kamafinya njirayo, ngati munthu waponda paipi ya madzi.

2. Mavuto awiri osiyana

Vuto loyamba ndi kukula kwa prostate chifukwa cha msinkhu. Kumeneku si khansa ndipo sikusanduka khansa. Pafupifupi theka la abambo a zaka za pakati pa 50 ndi 60 prostate yawo imakhala itayamba kukula, ndipo pofika zaka 80 ambiri amakhala nalo vutoli, ngakhale si onse amene limawasowetsa mtendere.

Vuto lachiwiri ndi khansa. Iyi kawirikawiri imayambira cha m'mbali mwa prostate, kutali ndi njira ya mkodzo, ndiye poyamba siimveka kalikonse. Ikakhalitsa imathawira m'mafupa, makamaka a msana ndi a m'chiuno. Kuno ku Malawi ili m'gulu la khansa zimene zimapezeka kwambiri mwa abambo, pamodzi ndi ya Kaposi ndi ya kummero. Imakonda abambo achikulire, a ku mtundu kumene bambo wawo kapena mbale wawo adadwalapo, ndiponso anthu akuda. Ku Britain adawerengera kuti mwa abambo 8 aliwonse mmodzi adzapezeka nayo pa moyo wake, koma pakati pa abambo akuda ndi mmodzi mwa anayi.

Munthu mmodzi angathe kukhala ndi mavuto onse awiri. Nelson Mandela adachitidwa opaleshoni ya prostate yokula mu 1985 akadali mkaidi. Mu 2001 adamupeza ndi khansa ya prostate ndipo adalandira chithandizo chowotcha ndi makina kwa masabata 7. Adakhalabe ndi moyo mpaka 2013, pamene adamwalira ndi matenda a m'chifuwa ali ndi zaka 95.

Tidziwenso kuti mavuto awiriwa si opatsirana. Mayi sangatenge kwa bambo, ndipo si mayi amene wawapatsa. Si kulodzedwa, si chilango, ndipo si umboni woti bambo amayendayenda.

3. Zizindikiro zimene mayi angaone

(a) Kudzuka kawirikawiri usiku kukataya madzi.
(b) Kuima nthawi yaitali mkodzo usanayambe kutuluka.
(c) Mkodzo wopanda mphamvu, wodukizadukiza, wodontha pomaliza mpaka kunyowetsa kabudula.
(d) Kumva kuti mkodzo watsalira m'kati.
(e) Kulephera kupirira, moti bambo amasiya kupita kumsonkhano, kumaliro kapena kukwera minibasi poopa manyazi.
(f) Magazi mumkodzo.
(g) Kupweteka kwa msana kapena chiuno kosaleka ngakhale usiku, pamodzi ndi kuwonda.

Zizindikirozi sizitanthauza prostate nthawi zonse. Matenda a shuga amadzutsanso munthu usiku. Mapiritsi ena a BP amachulukitsa mkodzo. Likodzo, limene ndi lodziwika kwa anthu okhala m'mbali mwa Shire cha ku Zalewa ndi ku Matope, limatulutsa magazi mumkodzo. Chinzonono chakale chimasiya chipsera chopanikiza njira ya mkodzo. N'chifukwa chake sitiyenera kuganizira pakhomo n'kugula mankhwala pamsika. Kuyeza ndiko kumanena zoona.

Zinthu ziwiri ndi zangozi, sizidikira kuti kuche. Choyamba, mkodzo kutsekeratu, pachinena patatupa n'kumapweteka. Musawapatse tiyi wambiri kapena zitsamba kuti zitsegule, chifukwa mukungodzaza chikhodzodzo chimene chadzaza kale, ndipo mkodzo wobwerera m'mbuyo umaononga impso. Chachiwiri, msana kupweteka pamodzi ndi miyendo kuchita dzanzi kapena kufooka. Apa khansa ingakhale ikupanikiza mtsempha waukulu wa mumsana, ndipo kuchedwa kungapuwalitse munthu.

4. Ulendo wa kuchipatala

Kwa ife a ku Lirangwe, Mdeka, Lunzu ndi Chileka, poyambira ndi pachipatala chathu chaching'ono kapena ku Mlambe. Boma la Blantyre lilibe chipatala chachikulu cha boma monga ku Chiradzulu kapena ku Mwanza, choncho wofunika kuonedwa ndi akatswiri amatumizidwa ku Queen Elizabeth Central Hospital, ku Gulupu. Musaiwale buku la kuchipatala, kalata yotumizira ndi mankhwala onse amene bambo akumwa.

Adokotala amafunsa mafunso, amayeza mkodzo, kenako amavala gulovu n'kupisa chala kunjira ya chimbudzi kuti akhudze prostate. Apa ndi pamene abambo ambiri amathawira. Auzeni kuti sizitenga ngakhale mphindi imodzi, ndipo chala cha dokotala chimatha kusiyanitsa prostate yosalala ndi yolimba ya mabwampu.

Palinso kuyeza magazi kotchedwa PSA. Nambala ikakwera sindiye kuti ndi khansa basi. Mwa abambo anayi amene PSA yawo yakwera, pafupifupi atatu sapezeka ndi khansa. Imakweranso ndi prostate yokula, matenda a m'njira ya mkodzo ndi paipi ya mkodzo. Pa masiku awiri asanakayezetse, bambo asapalase njinga mtunda wautali ndiponso asakhale malo amodzi ndi mayi, popeza izi zimatha kukweza nambala. Bambo wa zaka 50 akambirane ndi adokotala za kuyezetsa ngakhale asakumva chilichonse. Ngati ku mtundu kwawo kuli khansayi, ayambe pa zaka 45.

5. Maso atsopano a dokotala

Kale dokotala ankati akafuna kuona m'kati mwa munthu ankayenera kung'amba. Zinthu zidayamba kusintha mu 1895 pamene Wilhelm Röntgen wa ku Germany adatulukira X-ray. Pambuyo pake kudabwera sikani ya ultrasound, ija amatiunikira nayo kusikelo tikakhala oyembekezera, kenako CT ndi MRI. Makina oyamba a MRI kuno ku Malawi adaikidwa ku Gulupu mu 2008, makamaka pofuna kufufuza malungo a muubongo mwa ana.

Mu 1953 dokotala wa ku Sweden, Sven-Ivar Seldinger, adapeza njira yolowetsera kapaipi kowonda mumtsempha wa magazi pogwiritsa ntchito singano ndi kawaya, osacheka. Madokotala ataphatikiza njirayi ndi zithunzi, adayamba kuyendetsa kapaipi m'thupi akuona pa sikirini, monga dalaivala amene akuyenda usiku ndi nyali zowala. Ubwino wake ndi woti bala limakhala laling'ono, magazi satayika ambiri, ululu umachepa ndipo wodwala sakhalitsa m'chipatala. Kwa banja la kumudzi izi n'zazikulu, chifukwa gadiyani akakhala mwezi kuchipatala munda umalowa thengo.

6. Njira zake

(a) Kutenga kanyama kokayeza. Pachingerezi amati biopsy. Ndi njira yokhayo yotsimikizira kuti ndi khansa. Dokotala amaona prostate pa sikani, n'kulasa ndi kasingano kowonda malo angapo, kawirikawiri 10 kapena 12. Kumene kuli MRI yoyenera amayamba ajambula kuti singano ilunjike pamalo okayikitsa. Pambuyo pake magazi pang'ono mumkodzo kwa masiku angapo si zodabwitsa, koma thupi likatentha n'kumanjenjemera bwererani kuchipatala tsiku lomwelo. Mphekesera yoti singano imafalitsa khansa yalepheretsa anthu ambiri kudziwa matenda awo. Chimene chimapatsa khansa mpata wofalikira ndi kuchedwa.

(b) Kupala prostate kudzera m'njira ya mkodzo. Dzina lake ndi TURP, ndipo ndi ya prostate yokula. Dokotala amalowetsa chida chowonda chokhala ndi kamera, n'kumapala nyama yotseka njira pang'onopang'ono ngati tikupala m'kati mwa papaya. Pamimba sipakhala bala. Bambo amakhala ndi paipi masiku ochepa. Njirayi ndi yakale ndi yodalirika, ndipo imachitika kuno kwathu, monga ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe. Ambiri akachira, mbewu yawo siituluka kunja koma imabwerera m'chikhodzodzo n'kudzatuluka ndi mkodzo. Izi sizipweteka ndipo siziononga thupi, koma ndi bwino banja lidziwiretu. Prostate ikakula kwambiri, opaleshoni yong'amba pamimba ndiyo imachitika m'zipatala zambiri, ndipo nayonso imathandiza. Tisainyoze.

(c) Kutseka mitsempha yodyetsa prostate. Amati embolisation. Madokotala a ku São Paulo m'dziko la Brazil, motsogozedwa ndi Francisco Carnevale, ndi a ku Lisbon m'dziko la Portugal, motsogozedwa ndi João Pisco, ndiwo adaitchukitsa cha m'ma 2010, ndipo ku Britain idavomerezedwa mu 2018. Wodwala sagonekedwa tulo, amangobayidwa jakisoni wa dzanzi pamalopo. Kapaipi kamalowa mumtsempha wa m'mphechepeche kapena wa padzanja, ndipo dokotala amakatsata pa X-ray mpaka kakafike pa timitsempha topita ku prostate. Pamenepo amathira timikanda tating'ono ngati mchenga wosalala. Magazi akachepa, prostate imafota m'masabata ndi miyezi yotsatira, monga dimba limene mwalitsekera ngalande. Ambiri amatuluka tsiku lomwelo kapena mawa lake, ndipo za m'banja kawirikawiri sizisokonezeka. Koma mkodzo sutseguka kwambiri monga zimakhalira ndi TURP, ndipo ena pakapita zaka vuto limabwerera. Chofunika kwambiri: njirayi ndi ya prostate yokula. Siichiza khansa.

(d) Kubzala timbewu towotcha khansa. Amati brachytherapy. Motsogozedwa ndi sikani, dokotala amabaya timbewu tachitsulo tonga mpunga, makumi angapo, m'kati mwa prostate. Timbewuti timatulutsa mphamvu yopha khansa kwa miyezi ingapo, kenako mphamvuyo imatha ndipo timangokhala momwemo. Njira yotsogoza timbewuti ndi sikani idayambira ku Denmark mu 1983. Pa miyezi iwiri yoyambirira agogo amalangizidwa kuti asamaike zidzukulu pamiyendo nthawi yaitali ndiponso asamakhale moyandikana kwambiri ndi mayi woyembekezera.

(e) Kuumitsa khansa ndi chisanu. Masingano amalowetsedwa mu prostate ndipo mpweya wozizira kwambiri umadutsamo, kufika madigiri 40 kunsi kwa ziro kapena kuzizira koposa apo. Pa sikani dokotala amaona ayezi akukula, ndipo amaleka asanafike pachikhodzodzo ndi pamatumbo. Akibishopu Desmond Tutu wa ku Cape Town adapezeka ndi khansa ya prostate mu 1997 ndipo sadabise, adauza dziko lonse kuti abambo ena akayezetse. Khansayo itaonekanso mu 1999, adalandira chithandizo cha chisanuchi ku Atlanta m'dziko la America. Adamwalira pa 26 December 2021 ali ndi zaka 90, patapita zaka 24 chiipezereni. Dziwani kuti prostate yonse ikaumitsidwa, abambo ambiri mphamvu za m'nyumba zimawathera.

(f) Kuwotcha ndi mafunde a sikani. Dzina lake ndi HIFU. Ana asukulu amadziwa kuti galasi lokuzira zinthu likasonkhanitsa dzuwa pamalo amodzi limawotcha pepala. Chida cholowa kunjira ya chimbudzi chimasonkhanitsa mafunde chimodzimodzi, n'kuwotcha kadera kokhako kamene kali ndi khansa. Njirayi ndi yatsopano poyerekeza ndi opaleshoni ndi kuwotcha ndi makina, choncho wodwala amayenera kumayezedwabe kwa zaka zambiri, ndipo ena amafunika kubwereza.

Njira zinayi zomalizazi zimafuna makina odula ndi madokotala ophunzira mwapadera. Zimapezeka makamaka m'zipatala zazikulu za maiko monga South Africa, India ndi a ku Ulaya, ndipo mtengo wake ndi wokwera. Komabe zikuyandikira. Mu 2018 chipatala cha Muhimbili ku Dar es Salaam chidayamba kuphunzitsa madokotala ochiza motsogozedwa ndi zithunzi, ndipo oyamba adamaliza maphunziro awo mu 2021.

7. Malire a njirazi

Amayi, apa ndi pamene pagona phunziro lathu. Timbewu, chisanu ndi HIFU zimagwira khansa imene idakali m'kati mwa prostate. Zili ngati kuzula chisoso chisanabale njere. Khansa ikafika m'mafupa, ngakhale mutagulitsa munda n'kukwera ndege pa Chileka, njirazi sizingaichotse. M'mera mpoyamba. Vuto lathu lalikulu si kusowa kwa makina kokha ayi, koma kuti abambo ambiri amafika kuchipatala atanyamulidwa.

Tidziwenso kuti si khansa iliyonse ya prostate imene imafuna kuchotsedwa msangamsanga. Ina imakula pang'onopang'ono kwambiri. Ku Britain adatsatira abambo 1,643 amene khansa yawo idapezeka msanga. Ena adachitidwa opaleshoni, ena adawotchedwa ndi makina, ena ankangoyezedwa pafupipafupi. Zotsatira zimene zidatuluka mu 2023 zidaonetsa kuti patapita zaka 15, pafupifupi 97 mwa 100 aliwonse sadafe ndi khansayo, m'magulu onse atatu. Choncho adokotala akanena kuti tidikire tizingoyeza, sikuti akutayani. Koma tsiku lobwerera musaliphonye.

Chimodzimodzi prostate yokula. Ambiri amathandizidwa ndi mapiritsi okha. Tamsulosin amafewetsa njira ya mkodzo m'masiku ochepa, koma amatha kuchititsa chizungulire, ndiye bambo azidzuka pang'onopang'ono. Finasteride amachepetsa prostate koma amatenga mpaka miyezi 6, ndipo mayi woyembekezera asagwire piritsi lake losweka.

Nanga amene khansa yafalikira? Chithandizo chilipo. Mu 1941 Charles Huggins wa ku Chicago adapeza kuti khansayi imakula ndi mphamvu yachimuna yochokera ku ziwalo ziwiri zopanga mbewu, ndipo adalandira mphoto ya Nobel mu 1966. Mphamvuyo ikatsekedwa, kaya ndi jakisoni wa mwezi ndi mwezi kapena wa miyezi itatu, kaya ndi opaleshoni yaing'ono, khansa imagonja kwa nthawi, ululu wa m'mafupa umachepa ndipo ena amabwerera kumunda. Kuwotcha ndi makina kumathandizanso, pa khansa yoyamba kumene ngakhalenso pa ululu wa m'mafupa. Kwa zaka zambiri odwala athu ankatumizidwa ku India, ku Tanzania kapena ku Cancer Diseases Hospital ya ku Lusaka. Mu 2024 ku Nyambadwe kudatsegulidwa International Blantyre Cancer Centre, chipatala cholipira chokhala ndi makinawa, ndipo mu 2025 boma lidatsegula National Cancer Centre ku Lilongwe. Pa za ululu, ku Gulupu kuli Tiyanjane Clinic imene yakhala ikuthandiza odwala matenda a mgonagona kuyambira 2003. Morphine wakumwa woperekedwa moyenera sapha munthu. Amamulola kugona, kudya ndi kucheza ndi ana ake.

8. Musanatulutse ndalama

Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Aliyense amene akulonjeza kuchiza prostate ndi botolo la zitsamba, tiyi kapena makina ogwira m'manja, asanamuyeze bambo, akufuna ndalama zanu. Ngakhale chipatala chenicheni cha kunja chisakukopeni ndi chithunzi cha pa foni. Pitani limodzi ndi bambo kwa dokotala amene ali ndi zotsatira zawo, ndipo mufunse:

(a) Kodi ndi prostate yokula chabe kapena ndi khansa? Mwatsimikiza ndi kanyama?
(b) Ngati ndi khansa, ili m'kati mokha kapena yafalikira?
(c) Ndi njira ziti zimene zingatheke kuno, ndipo ya kunjayo ikuposa pati?
(d) Kodi adzatha kugwira mkodzo? Nanga za m'banja zidzakhala bwanji?
(e) Tikabwerako, adzatiyang'anira ndani?
(f) Zonse pamodzi, ndi ulendo, malo ogona ndi kubwereranso, zidzakwana ndalama zingati?

Lembani mayankho m'kope. Safunsa adadya phula.

9. Kusamalira bambo amene ali ndi paipi

Abambo ambiri m'midzi mwathu akudikira opaleshoni ali ndi paipi ya mkodzo. Ena adasiya kutuluka m'nyumba chifukwa cha manyazi. Chisamaliro chake ndi ichi:

(a) Sambani m'manja ndi sopo musanagwire paipi ndiponso mukamaliza.
(b) Tsukani polowera paipi ndi madzi oyera ndi sopo tsiku lililonse.
(c) Thumba likhale m'munsi mwa chiuno nthawi zonse, koma lisagwe pansi. Lisokereni kachikwama ka nsalu komangirira pamwendo m'kati mwa buluku.
(d) Khuthulani thumba lisanadzaze, ndipo paipi isapindike.
(e) Bambo azimwa madzi okwanira, ndipo azidya ndiwo zamasamba ndi zipatso kuti asadzimbidwe.
(f) Musaizule nokha. M'kati muli kabaluni, ndipo kuikoka kumang'amba njira.
(g) Sungani tsiku losinthira paipi limene alemba m'buku.
(h) Mkodzo ukaleka kutsika, ukakhala ndi magazi oundana, kapena thupi likatentha, thamangirani kuchipatala.

Paipi si mapeto. Nthawi iliyonse imene mwapita kukasintha, funsani kuti dzina la bambo lili pati pamndandanda wa opaleshoni.

10. Mawu a kuchipinda

Chimene abambo amaopa kwambiri si mpeni, koma kutha kwa ulemu wawo. Nkhaniyi isayambike pamaso pa ana, pa apongozi kapena pa mkangano. Sankhani nthawi yabwino muli awiri, ndipo munene zimene mwaona osati zimene mukuganiza: “Bambo, ndaona kuti simukugona bwino masiku ano. Bwanji tipitire limodzi akakuoneni, inenso akandiyeze BP?” Akakana, musatope. Pemphani mnzawo amene amamumvera, mchimwene wawo kapena ankhoswe. Mutu umodzi susenza denga.

Chithandizo chikachepetsa mphamvu za m'nyumba, musawaseke ndipo musakanene pachitsime kapena kuchigayo. Musawagulirenso mankhwala a mphamvu a pamsika, chifukwa ena ndi oopsa kwa munthu wa mtima ndi wa BP. Kauzeni adokotala, popeza zina zimabwerera pakapita miyezi ndipo zina zili ndi chithandizo. Bambo akapezeka ndi khansa, auze abale ake aamuna ndi ana ake aamuna, chifukwa iwonso ayenera kuyamba kuyezetsa msanga.

Mafunso Okambirana M'magulu

1. Kodi kukula kwa prostate kumasiyana bwanji ndi khansa ya prostate? Fotokozani m'mawu anuanu.
2. Tchulani zizindikiro ziwiri zimene sizidikira kuti kuche.
3. N'chifukwa chiyani timbewu, chisanu ndi HIFU sizingathandize bambo amene khansa yafika m'mafupa?
4. Ndi zifukwa ziti zimene abambo a m'dera lathu amapereka pokana kukayezetsa? Tingawayankhe bwanji mwaulemu?
5. Kodi m'mudzi mwathu muli abambo a paipi amene adasiya kuoneka pagulu? Gulu lathu lingathandize bwanji amayi amene akuwasamalira, pa sopo, pa nsalu ndi pa ndalama yoyendera?

Ntchito ya Mwezi Uno

Mayi aliyense alankhule ndi bambo mmodzi wa zaka 50 kapena kuposera apo, kaya ndi amuna ake, mlongo wake, atsibweni kapena apongozi kudzera mwa woyenera. Atsogoleri a magulu apemphe mlangizi wa zaumoyo kapena namwino wa pachipatala chapafupi kuti adzalankhule ndi abambo paokha, popeza pali zina zimene sangafunse ife tili pomwepo. Pa msonkhano wotsatira tidzamve kuti ndi angati amene apita kukayezetsa, osatchula maina awo.